Tinakaona likulu osakwera basi

Nkhondo anaiyambitsa ndi alamu anga a ku Ntcheu. Analemba pa gulu la banja la WhatsApp kuti msuweni wawo wa ku Dublin amatumiza zithunzi sabata iliyonse, koma ife a ku Zimbabwe timangomveka pakagwa maliro. Mayi a kunyumba anawerenga uthengawo mokweza kuti ndi nkhuku za aneba zomwe zimve.

Ifetu timakhala ku Barbourfields, mumzinda wa Bulawayo, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake. Malo otchuka amene ndinkawadziwa ndi awiri okha: chipatala cha Mpilo, chomwe munthu sapitako kukasangalala, ndi bwalo la mpira la Highlanders, timu yomwe inayambitsidwa mu 1926 ndi zidzukulu za mfumu Lobengula. Bwalolonso ndimalionera kunja. Chigoli chikalowa, phokoso limagwedeza malata athu, ndiye ndikalipirirenji pachipata pomwe zotsatira zimandipeza ndili chogona pamphasa?

"Bambo, tipite ku Harare," anatero mayi. "Anzathu akakhala kunja amakaona likulu la dzikolo."

Mutu unayamba kuwerengetsa wokha. Makilomita opitirira 400, anthu awiri, kupita ndi kubwera, kuphatikizapo tchipisi cha pa Gweru ndi china cha pa Kwekwe, pakuti mayi njala imawagwira basi ikangoima. Zonsezo m'madola a ku America. Apa m'pomwe mbiri yakale inandipulumutsa. Ndinawakumbutsa kuti Bulawayo ndiye linali likulu la Lobengula, mpaka mu 1893 pamene analitentha pothawa asilikali a Cecil Rhodes.

"Amayi, likulu ndi lomwe tikugonamoli. Anthu amalipira ndege kudzaliona."

Anavomera, koma kavomeredwe kake ndi kaja munthu amakusungira.

Loweruka tinanyamuka wapansi, kudutsa Makokoba, komboni yakale kuposa zonse mumzindawu. Mayi anavala nsapato za gogoda zomwe zinaonekera komaliza pa ukwati wathu. Sindinawachenjeze kuti misewu ya m'tauni muno anaimanga yotakata dala, kuti ngolo yokokedwa ndi ng'ombe 16 izitha kukhota osabwerera m'mbuyo. Ng'ombezo zinapita kalekale, anatsala ndi ma kombi osadziwa buleki. Pofika pakati pa msewu woyamba, mayi anali atavula nsapato n'kundipatsa ine. Tsiku lonse ntchito yanga inakhala imeneyo.

Pa chipilala cha Joshua Nkomo, chomwe anachivundukula mu 2013, ndinasanduka wojambula. Chipilalacho n'chachitali, mayi ndi aafupi, foni yanga ndi yosweka pakona. Ndikati Nkomo aoneke yense, mayi ankatsala duku lokha. Ndikati mayi aoneke, Nkomo ankathera m'mawondo. Mnyamata wina wogulitsa ma juzi anatimvera chisoni n'kutijambula bwinobwino tonse atatu, kenaka anati tigule juzi. Kunja kukutentha chonchija, ndinagula.

Ku City Hall, komwe amagulitsa maluwa ndi ziboliboli m'mbali mwa msewu, wogulitsa wina anatilonjera m'Chingerezi. Mayi anakondwa zedi kuti tayamba kuoneka ngati alendo enieni. Ine ndinadziwa kuti Chingerezi chimenecho chili ndi mtengo wake. Ndinamuuza kuti ziboliboli zotere kwathu ku Mua amasema zoposa pamenepa. Anandifunsa kuti nanga bwanji sindinakhale komweko.

Tsono nkhani ya pachipata. Malo ambiri okopa alendo kuno ali ndi mitengo iwiri, wa eni dziko ndi wa obwera. Pa chipata china, chomwe sindichitchula, ndinauza mayi kuti asatsegule pakamwa. Ndinakonza kukhosi, ndinapereka moni wa Chindebele umene ndakhala ndikuuphika zaka zonsezi, ndipo mtsikana wa matikiti anayankha mwaulemu. Zinthu zinali kuyenda. Kenaka maso ake anatsika pa chitenje cha mayi, chomwe chinali ndi mapu a Malawi, nyanja yonse kuyambira ku Karonga mpaka ku Mangochi, ndi tambala wamkulu kumbuyo. Anamwetulira n'kupempha chitupa. Mayi anati chitenjecho anavalira dala kuti a kumudzi aone kuti sitinatchone. Ndinalipira mtengo wa obwera, manja akunjenjemera.

Koma tisanamizane, zoona zilipo. Ku Natural History Museum, ku Centenary Park, kuli njovu youmika yaikulu moti munthu umayamba wayang'ana komwe kuli khomo. Mayi anaima patsogolo pake osaopa, ine ndinajambulira patali ponamizira kuti ndikufuna ilowe yonse.

Ku Railway Museum ndi komwe ndinakhala chete pang'ono. Njanji inafika ku Bulawayo mu 1897, ndipo m'zaka zotsatira anthu ambiri a ku Nyasaland anabwera kudzagwira ntchito ku njanji ndi m'migodi. Ena sanabwererenso, ndipo zidzukulu zawo zilipo mpaka lero. Ngakhale Benjani Mwaruwari, uja anasewera ku Manchester City, anabadwira muno mwa makolo ochokera ku Malawi. Mchimwene wa agogo anga anali mmodzi wa matchonawo. Anachoka akuti akukagula njinga, ndipo njingayo ku Ntcheu akuidikirabe. Ndinayamba kufotokozera mayi zimenezi ndi mawu a ulaliki, koma iwo anali atakwera kale pa bogi yapamwamba ya Rhodes, dzanja lili m'chiuno. Nditawajambula ndinawerenga pachikwangwani kuti bogi yomweyo ndi imene inanyamula mtembo wa mwiniwake kuchokera ku Cape Town mu 1902, popita nawo kukauika ku mapiri a Matobo. Mayi anati ndisauze munthu, alamu anganene kuti tatumizanso za maliro. Za kupita ku Matobo anakana okha. Anati manda a mlendo sayendera, ndipo ine ndinawathokoza chamumtima chifukwa kumeneko wapansi sungafike.

Usiku zithunzi zinapita. Azakhali anafunsa ngati njovuyo ndi yoweta. Mng'ono wanga anati popeza tafika pokwera sitima ya mipando ya chikopa, timukumbukire pa nkhani ya feteleza. Alamu aja sanayankhe kanthu mpaka Lachitatu, pamene anandiimbira okha, chinthu chomwe sanachitepo. Akuti dzikolo alikonda, akubwera mwezi wamawa kudzafuna ganyu, agona kwathu. Basi yochokera ku Blantyre imawatsitsira ku Harare, ndipo njira sakuidziwa, choncho ndikawachingamire. Mayi anena kale kuti sindingapite ndekha.