Mutu umodzi susenza denga, mimba nayo imathandiza

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Mwambiwu timaunena pamaliro, pachinkhoswe ndi kubanki m'khonde, koma mutu weniweniwo sudamvebe. Umadziyesa bwana woganiza yekha, chonsecho m'matumbo muli mabakiteriya pafupifupi 38 thililiyoni omwe amalowerera nkhani zake, ndipo lendi salipira.

Tisawanamizire ulesi. Gaga wa mgaiwa, makoko a nyemba ndi bonongwe zimene mimba yalephera kugaya, iwo amaziphwanya n'kutulutsa timadzi todyetsa khungu la matumbo. Serotonin, yemwe amatchuka pankhani ya chisangalalo, pafupifupi 90 pa 100 alionse amapangidwira m'matumbo momwemo, ngakhale kuti ameneyu sakwera kukalowa muubongo. Uthenga umadzera mumtsempha wa vagus, ndipo wambiri umachoka pansi kupita kumwamba. Bwana amamva zambiri kuposa zomwe amalamula. Akati alamule, mwina ndi m'mawa wa mayeso a MSCE, ndipo lamulo lake ndi loti thamangira kuchimbudzi.

Mu 2011, gulu la John Cryan ku Cork, m'dziko la Ireland, lidadyetsa mbewa bakiteriya wa Lactobacillus rhamnosus. Mbewazo zidachepa mantha. Kwa zomwe adazidula mtsempha uja, bakiteriyayo sadaphule kanthu. Mbewa zathu za pamsewu wa M1 palibe adazifunsa maganizo, poti zimapezeka zitafutsidwa kale.

Ife tomwe tidalowamo m'nkhaniyi. Mu 2012, gulu la Jeffrey Gordon la ku St. Louis lidayerekeza chimbudzi cha Amalawi akumudzi, cha anthu a m'nkhalango za Venezuela ndi cha anthu a m'mizinda ya ku America. A ku America ndi omwe adapezeka ndi mitundu yochepa ya mabakiteriya. Pamenepo pokha tidawaposa chuma, koma taonani tikuchimwaza: tangolandira malipiro, mgaiwa tautaya, tili pa tchipisi, soseji ndi zakumwa za shuga, thobwa ndi chambiko tikuziona ngati zachimidzi.

Musandimve molakwa. Mbewa si munthu, ndipo thobwa si mankhwala a matenda a nkhawa. Amene maganizo amulemera apite kuchipatala, asathamangire kwa ogulitsa timabotolo ta ma probiotic pa WhatsApp. Koma inu amene mukangoyetsemula mumakagula amoxicillin pagolosale, dziwani kuti kachilombo ka chimfine sikamumva n'komwe. Amene mukupulula ndi antchito anu omwe. Lekani, ndipo madzulo ano muphike nyemba.