Nyanja ya Anzathu Ili ndi Chipupa

Alamu,

Moni wochokera kuno ku Diepsloot. Ndikhulupirira inu, akazi anu ndi ana muli bwino ku Nkhotakota. Popeza nyanja anaitseka mu Novembala ndipo makoka ali pamthunzi, ndikudziwa kuti nthawi yowerenga kalata yaitali muli nayo.

Inenso ndapita kunyanja. Musayambe kuseka. Makampani a zomangamanga atatseka pakati pa Disembala, ife a ku Malawi a mdera lino tinasonkherana n'kuchita hayala teksi, ulendo wa ku Hartbeespoort, kumene eni dziko amangoti Harties. Ndi m'munsi mwa mapiri a Magaliesberg, ola silikwana kuchokera kuno.

Mnzathu wina wa ku Mzimba, amene wakhalitsa m'nyumba za azungu mpaka anayamba kumwa tiyi wopanda shuga, anati tikafika tikwere phiri wapansi, akuti ndi zimene anthu ozindikira amachita. Alamu, ine ya teksi ikandithera ndimayenda wapansi kuchokera ku Fourways mpaka kunyumba, chigubu cha penti chili m'manja. Ndiye tsiku lopuma ndikalipire pageti kuti andilole kutuluka thukuta? Tinamusiya apite yekha ndi kabotolo kake ka madzi.

Nyanja yawoyo ndi damu. Analimaliza mu 1923 potseka mtsinje wa Crocodile pamene umadutsa pampata wa mapiri. Chipupa chake n'chachitali mamita 59, pamwamba pake pali msewu wokwana galimoto imodzi, moti mumadikirana pamaloboti, ndipo msewuwo umalowa m'phanga loboola thanthwe. Ntchito imeneyo ndinaivulira chipewa. Koma madziwo! Ukaima tsidya lino umawerenga mawindo a nyumba za tsidya lija. Nditauza dalaivala wathu kuti kwathu sitima ya Ilala imayenda masiku, anthu n'kumagona momwemo nyanja isanathe, anati a Malawi timakonda kukokomeza.

Ndiye mukuganiza ndinakumana ndi ndani pamadzipo? Namasupuni! Yemwe uja amasautsa mu Shire ku Liwonde mpaka kukatseka makina a magetsi ku Nkula. Nayenso ali ku Joni, ndipo wanenepa kuposa tonsefe. Chomunenepetsa n'chakuti mtsinje wa Jukskei, umene umadutsa ku Alexandra n'kulambalala kwathu kuno, umakathira mu Crocodile utasenza zonse zimene tauni yataya, ngakhale za m'zimbudzi mapaipi akaphulika. Kwa iye amenewo ndi manyowa aulere. Mbali ina yonse ya damu inali yobiriwira, moti mlendo akhoza kutsika m'galimoto kuti akamangirirepo mbuzi. Akatswiri a ku yunivesite ya Rhodes amaweta tizilombo tating'onoting'ono tochokera ku South America, kwawo kwa namasupuniyo, n'kumatimwaza pamadzi kuti tizimuyamwa mpaka afote. Tizilomboto ndi tobwera, tinabwera kudzagwira ganyu monga ife tomwe, koma ito mapepala tili nawo onse ndipo apolisi satiimitsa.

Tsopano khalani pansi, chifukwa izi zikukhudza ntchito yanu. M'mphepete mwa damu tinapeza bambo wina wamimba yake, atakhala pampando wopinda, mbedza zitatu zili pachitsulo, iliyonse ili ndi kabelu kolira nsomba ikadya nyambo. Nyambo yake si nyongolotsi wamba ayi, ndi ufa wa chimanga wokanda ndi zonunkhiritsa zogula kusitolo. Kabelu kanalira. Analimbana nayo kwa kanthawi, n'kuvuula chinsomba chotchedwa carp, chotalika kuyambira m'manja mpaka paphewa, chokwana ndiwo za maliro. Anachigoneka pakamphasa konyowa kuti chisapweteke, anachiyeza pasikelo, mkazi wake anajambula, kenako anagwada n'kuchibweza m'madzi mwaulemu, akuchisisita pamsana. Mnzathu wa ku Mangochi anagwira mutu n'kufuula kuti mayo. Ine ndinangoyang'ana kumbali. Kenako ndinakumbukira zimene Jukskei amabweretsa, mtima unakhala pansi. Mwina bamboyo amadziwa zimene akuchita. Milamba ilimonso, ndi nsomba ina imene amaitcha kurper, msuweni wake wa chambo, koma palibe mwa ife amene anatchula za mphika.

Phiri lija tinalikwerabe, koma titakhala pansi. Pali timabokosi ta magalasi tolendewera pawaya, toyambirira tinayamba kuyenda mu 1973, ndipo timakufikitsa pamwamba usanamalize kuulula machimo ako. Kukwera kake ndi ngati nkhuku imene aipachika pahandulo ya njinga kupita kumsika: umaona dziko lonse koma sukondwa nalo. Mkulu wa mpingo amene tinali naye anatseka maso n'kuyamba nyimbo, ife n'kumavomera ndi mtima wonse. Pamwamba mphepo yake ndi yabwino, damu lonse lili pansi pako, minda, nyumba za anthu olemera zili ndi maboti pakhomo. Apo ndiye ndinati ndalama yanga yagwira ntchito.

Zina tinangozidutsa. Pali malo olipira kuti uone anyani ndi apusi, omwe aja mumagona nawo kumunda ndi legeni. Pali ena a njovu, ena a njoka. Pali nyumba imene anaimanga chadodolido, denga pansi, mipando ndi bedi zili mmwamba, anthu ali pamzere kuti alowemo. Ine zaka zonsezi kapitawo amanditukwana khoma likapendama pang'ono, kumeneko wina akudyerapo.

Kumene ndinakhalitsa ndi kumsika wa ziboliboli. Ndinatola kamvuu kosema n'kufunsa mtengo m'Chingerezi changa cha pantchito. Mnyamata wogulitsayo anatchula mtengo woti ukhoza kugula mvuu yamoyo. Nditatembenukira kwa anzanga n'kunena kuti uyu ndi wakuba, anayankha kuti, "Akulu, wakuba ndani? Mukanayamba ndi moni." Wa ku Nkhata Bay! Mtengo unatsika pomwepo mpaka theka, ndipo anatitengera kuseri kwa mashedi kumene mayi wina amaphika nsima yeniyeni, yosalala, osati papa wa kuno amene amayoyoka m'manja. Mipando yoluka ija timakhalira pakhonde osaiganizira, kuno amaitcha Malawi chair, ndipo azungu amaikweza pagalimoto atakulunga bulangeti.

Wa ku Mzimba tinamupeza madzulo pateksi, atavula nsapato, akuti wasangalala kwambiri. Nyama imene tinaotcha inali itatha.

Tsopano pempho. Pafoni panu pafika chithunzi changa nditaima pansi pa nsanja ya ku Paris. Nsanjayo ndi yachitsanzo, ili ku Harties komweko, ndipo kutalika kwake sikuposa mlambe wa kusukulu kwathu. Mufotokozereni bwino mlongo wanu asanachione, chifukwa akangoganiza kuti ndafika ku France, malata aja awerengedwanso kachiwiri. Ndalama ya feteleza ndatumiza, afunseni ngati yafika. Ndipo mnyamata wa mathiransipoti akamabwerera kuno mu Januwale, mumupatsire usipa wouma, mumange bwino m'katoni, mulembepo kuti mabuku.

Ndine mlamu wanu,
wa ku Diepsloot