Ulosi wa Bwana Wodzilemba Yekha

Mwa maudindo onse amene munthu angadziveke pansi pa thambo, palibe wotsekemera m'kamwa koposa wakuti bwana wodzilemba yekha. Ndipo ine, amene m'nyengo yotentha ndimatchetcha kapinga m'makomo a eni ake mumzinda wa South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ndi kukokolola chipale chofewa pamakomo omwewo chisanu chikafika, ndakhala ndikuuvala udindowu monyadira, makamaka polankhula pafoni ndi abale akumudzi, amene kufikira lero lino akhulupirira kuti ndili ndi kampani. Kampaniyo ilipodi, koma mkulu woyang'anira, kalaliki, dalaivala ndi mesenjala onse amavala buluku limodzi.

Tsono akuluakulu anati walira mvula walira matope. M'dziko lino anthu ambiri apantchito amalandira inshuwalansi ya kuchipatala kudzera kwa mabwana awo, kotero kuti iye amene wakana kulamulidwa ndi munthu, wakananso wom'ganizira pa tsiku la matenda. Kwathu munthu akadwala amatenga kabuku kake ka kuchipatala, nakakhala pamzere kuchipatala cha boma, ndipo ngakhale nthawi zina amauzidwa kuti mankhwala akadzigulire yekha, kuonana ndi dokotala salipira kanthu. Kuno kuli lamulo la mu 1986 lokakamiza zipatala kulandira wodwala mwakayakaya ngakhale alibe khobidi, koma akachira, kalata ya ngongole imam'tsata mpaka pakhomo, ndipo ambiri amati akaiwerenga amamva mutu kuwawa koposa tsiku limene anagonekedwa.

Pofuna kuchepetsa masautso otere, pa 23 Marichi 2010 Pulezidenti Barack Obama anasaina lamulo lotchedwa Affordable Care Act, limene linakhazikitsa msika wa pa intaneti wa HealthCare.gov, kumene anthu onga ine angadzigulire inshuwalansi, boma n'kuthandizako pa mtengo molingana ndi mapezedwe a munthu. Chipata cha msikawu chimatsegulidwa pa 1 Novembala, ndipo wofuna kuti chitetezo chake chiyambe pa 1 Januwale ayenera kukhala atasankha pofika pa 15 Disembala. Kampani siiloledwa kukana munthu chifukwa cha matenda amene ali nawo kale, chinthu chimene chinakondweretsa kwambiri magazi anga, amene amathamanga koposa mwini wake. Malondawo ali m'magulu anayi, Bronze, Silver, Gold ndi Platinum, ndipo kampani imalipira pafupifupi magawo 60, 70, 80 kapena 90 pa 100 aliwonse a mtengo wa chithandizo, malinga ndi gulu limene wasankha. Zikamveka chonchi zioneka zapafupi. Koma nditalowa mumsikamo ndinali ngati munthu wosankha malaya pakaunjika usiku wopanda nyali, chilichonse chimene ndagwira n'kumaoneka chabwino kufikira nditagwira china.

Aphungu sanasowe, pakuti uphungu ndicho chuma chokha chimene Amalawi timagawana mosaumira. Alamu anga anati nditenge yotsika mtengo koposa zonse, popeza munthu wa mtundu wathu sadwala wamba. Mkulu wina wa mpingo anati kugula inshuwalansi ndiko kuitana matenda ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, ngakhale iye mwini amagwira ntchito kufakitale kumene anam'lembetsa kale. Mnzanga wina anandilangiza ndimu ndi adyo. Koma mayi a kunyumba, amene salankhula kawiri, anati: "Abambo, safunsa anadya phula. Kulaibulale kumakhala mayi wina wothandiza anthu kusankha zimenezi, ndipo salipiritsa."

Mawu akuti salipiritsa ndiwo anandiopsa, pakuti m'dziko limene ngakhale ambulansi imatumiza bilu, munthu wochita kanthu kwaulere ayenera kuyang'anitsitsidwa. Ndinafufuza monga bwana wanzeru, ndipo ndinapeza kuti athandizi alipo a mitundu iwiri. Pali ogulitsa inshuwalansi, amene kwa iwe satenga kanthu, koma amalandira gawo lawo kuchokera ku kampani imene akulowetsa; ndiponso pali otchedwa Navigator, ophunzitsidwa ndi kuvomerezedwa, amene mabungwe awo amalandira thandizo la boma, ndipo lamulo limawaletsa kulandira mphotho kwa makampani a inshuwalansi kapena kukondera ina mwa izo. Mayi wa kulaibulaleyo anali wa mtundu wachiwiriwu.

Ndinapita ndi mayi a kunyumba nditavala jekete la ku tchalitchi, m'manja muli jumbo ya malisiti a chaka chonse, ena othimbirira ndi oyilo wa makina otchetchera, ena atafufutika ndi dzuwa la m'galimoto kotero kuti sanadziwike ngati anali a petulo kapena a nkhuku yokazinga. Mayiyo, wa imvi ndi magalasi olenjekeka pa kachingwe, anaiyang'ana jumboyo modekha, monga munthu amene waona zoopsa zoposa pamenepo. Anandifotokozera kuti pali ndalama yopereka mwezi ndi mwezi, udwale usadwale. Palinso mlingo wina umene uyenera kuyamba walipira wekha chaka chilichonse kampani isanatulutse yake. Ndipo kawirikawiri pamene yapamwezi yachepa, mlingo winawo ndiye umakula, kotero kuti yotchipa ya alamu anga ija inali yokomera munthu wolumbira kuti sadzadwala. Anandifunsanso dzina la dokotala wanga ndi la mankhwala amene ndimamwa, chifukwa inshuwalansi iliyonse ili ndi mndandanda wa madokotala ndi mankhwala ake, ndipo wopita kunja kwa mndandandawo amadzionera yekha.

Kufikira pamenepa ndinali kugwedeza mutu mwaulemerero. Ndipo mayiyo anaika zala pa kompyuta nati: "Bambo, kodi chaka chamawa mudzapeza ndalama zingati?"

Owerenga okondedwa, munthu wolembedwa ntchito amayankha funso ili poyang'ana kapepala ka malipiro. Koma ine, amene chuma changa chimadalira kukula kwa udzu ndi chipale chimene mphepo ya ku nyanja ya Michigan ingakonde kutigwetsera, ndinali kupemphedwa kuchita ntchito ya Yosefe pamaso pa Farao, popanda ngakhale loto loti ndimasulire. Komanso, kunena mosabisa, mapezedwe anga ali ndi ziwerengero zitatu. Pali chimene amachidziwa abale akumudzi, chonenepa ndi chosalala. Pali chimene amachidziwa msungichuma wa kumpingo pa nkhani ya chakhumi, chowonda ndi chomvetsa chisoni. Ndipo pali chenicheni, chimene ine mwini sindinakumanepo nacho maso ndi maso.

Ndinayamba ndi chonenepa chija, pakuti sikoyenera bwana kudzichepetsa pamaso pa mlendo. Mayiyo anati pa mapezedwe otero thandizo la boma likhala lochepa. Pomwepo ndinakumbukira kuti chaka chinali chovuta, ndipo ndinatchula chowonda chija. Iye anavula magalasi nandichenjeza mwaulemu kuti wotchula zochepa amalandira thandizo lalikulu lero, koma nthawi yolemba za msonkho, imene imatha pa 15 Epulo, a bungwe la msonkho la IRS amayerekeza ulosi wako ndi zimene unapezadi, ndipo chimene unalandira mopitirira umabweza. Nkhani ya Hananiya ndi Safira inandifikira mumtima ndi mphamvu imene sinakhale nayo chiyambire Sande sukulu.

Apa ndipo mayi a kunyumba, amene anakhala chete pambali panga, anapisa m'chikwama natulutsa kope la ana asukulu, m'mene munalembedwa khomo lililonse limene ndinatchetcha, dola iliyonse imene inalowa, ndi zonse zimene zinatuluka pa petulo, mchere wothira m'njira ndi mipeni ya makina, kufikira ndalama zimene ndinkayesa kuti ndimabisa bwino m'bokosi la masipanala. Mayi wothandizayo anakondwera, nati chofunika ndicho phindu lotsala ukachotsa zowonongedwa pa ntchito. Ndipo azimayi awiriwo anawerengera chuma cha kampani yanga mogwirizana, mwini kampani ndikuyang'ana kudenga. Zinapezeka kuti banja lathu lili pansi pa mlingo wa kawiri ndi theka wa muyezo wa umphawi umene boma limaika, ndipo anthu otere akasankha Silver amawachepetseranso ndalama zolipira okha kuchipatala, mwayi umene supezeka m'magulu enawo. Sanandisankhire, anangondiyalira zonse poyera, ndipo ine ndinasankha mwaufulu chimene mayi a kunyumba analoza ndi chala.

Potsazika ndinayesa kum'patira kangachepe ka zakumwa, monga mwa ulemu wa kwathu, koma anakana kwamtuwagalu, nangondikumbutsa kuti mapezedwe akasintha pakati pa chaka ndikanene msanga kumsika kuja.

Chotero tsopano ndine munthu wotetezedwa, koma womangidwa ndi ulosi wake womwe. Chipale chikagwa chochepa, m'nyumba mulowa njala. Chikagwa chochuluka, ndilemera mopitirira mawu anga ndipo a msonkho adzandiitana. Anzanga ogwira fosholo akamapempherera mkuntho, ine ndimatsata chitsanzo cha Aguri wa m'buku la Miyambo, kupempha chipale chapakatikati, chokwanira kudyetsa ana koma chosafika pokopa maso a boma. Abale akumudzi okha ndiwo ndawasiyira chiwerengero chonenepa chija, ndipo sabata yathayi atumiza uthenga wakuti, popeza kampani ikuyenda bwino chotere, denga la amalume likufunika malata.