Kachigubu Kamene Bwana Safuna Kukadziwa

Mu Lilongwe ndi mu Blantyre muli galimoto zosamba kawiri pa sabata zimene sizidalawepo madzi otsukira galasi chichokereni ku Japan. Matayala ndi opaka polishi, mkati mukununkhira ngati ukwati, koma mwini wake akakoka kandodo ka mawaipa, chimene chimamveka ndi kulira kwa kamota kouma, kenako mawaipawo n'kuyamba kupala fumbi pagalasi ngati akusenda chinangwa. Ena amati ndi ulesi. Ine ndikuti ndi manyazi: kachigubu ka madziwo kali pansi pa boneti, ndipo m'tauni muno kutsegula boneti pagulu n'chimodzimodzi kuvula malaya pamsika. Boneti ikangoyasama, anthu odutsa amasanduka amakaniko. "Yatani, bwana?" Wina akuti ndi batire, wina akuti ndi mafuta ogula m'zigubu aja, wina wayamba kale kupinda malaya kuti akankhe. Munthu amene adaitanitsa Vitz yake kudzera ku Dar es Salaam, n'kulipira msonkho wonse ku MRA, sangalole kuti anzake a kuofesi amupeze atawerama pa injini. Chonsecho ntchito yake siposa kuthira madzi m'ketulo: chivindikiro chake nthawi zambiri chimakhala chabuluu, chojambulidwa galasi ndi kasupe, ndipo malita awiri kapena atatu amakwana.

Oteteza bwana anena kuti pa filing'i siteshoni anyamata amapukuta galasi mwaulere, ndiye kuvutikiranji? N'zoona, koma ngumbi sizidikira pa filing'i. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, usiku mumsewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, zimathamangira kuwala kwa nyali n'kuphulikira pagalasi ndi mafuta ake onse. Mawaipa ouma amangotakasa ngumbizo kukhala phala, nyali za lole yobwera kutsogolo n'kumwazika paphalapo. Pamenepo bwana uja woopa kuwerama masana amayendetsa atatulutsa mutu pawindo ngati mbuzi ya pa matola. Kondakitala wa minibasi amamuposa nzeru, poti iye amangosuzumira ndi botolo la madzi n'kukhuthulira pagalasi galimoto ili mkati moyenda.

Ena akuti madzi ogula m'sitolo ndi okwera mtengo pomwe petulo watimaliza kale. Apa ali ndi mfundo, koma theka chabe. Mankhwala ambiri otere amawasakaniza ndi mowa kuti asaundane m'mayiko a chisanu, ndipo ngakhale mphepo ya mu Juni ku Dedza siumitsa madzi m'kachigubu. Madzi oyera a pampopi ndi kachivindikiro kamodzi ka mankhwala otsukira galasi n'zokwanira. Tsoka lake, wosunga ndalama wa kwathu sadziwa polekezera. Amasungunula sopo wa ufa wochapira zovala, galasi n'kuchita thovu ngati pa dambo pochapira, zotsalira zake n'kutseka timabowo topopera madzi. Madzi amchere a pamjigo amachitanso chimodzimodzi, mpaka munthu wa tayi kumakabwereka singano kwa telala. Za amene amathira madziwo m'kachigubu ka mafuta a mabuleki poti "zivindikiro zonse n'zofanana" tisazikambe, amakaniko nawonso ali ndi ana a sukulu.

Umboni woti nkhaniyi ndi ya maso a anthu umaoneka kwa ochepa amene kachigubu kawo n'kodzaza. Sapopera madzi ali okha m'msewu wafumbi ayi. Amadikira mzere wa galimoto wa madzulo pa Chipembere Highway, galasi lili mbee, n'kukoka kandodo kaja mwaulemu wonse. Timabowo timene tidakhotetsedwa ndi singano timaponya madziwo kudumpha denga, n'kukagwera wakabaza ndi mayi amene wamunyamula kumbuyo. Wakabazayo amayang'ana kumwamba, kulibe ngakhale kamtambo, kenako n'kugogoda pawindo: "Bwana, galimoto yanu ikutikodzera!"