Mbuzi za mkazi wanga zinathera pa hedi ya Hilux

Galimoto imene imadyetsa banja langa ndi Toyota Hilux ya 1992, ya injini ya dizilo ya 2L, yomwe malume anandisiyira. Ntchito yake ndi kutuntha mbatatesi, kabichi ndi matimati kuchokera ku Zóbuè ndi ku Mussacama kupita kumsika wa ku Moatize, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa N7. Kutsetsereka sikuvuta. Chimene chimayesa injini ndi kubwerera, pamene uchoka m'chigwa cha Zambezi, komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, n'kumakwera zitunda utasenza simenti ndi mchere.

Tsiku lina mu Novembala geji ya kutentha kwa injini inakwera ndili pakati pa chitunda. Ndinaiona ndi maso anga, koma ndinati ndikaimira pamwamba. Nditafika ndinathira madzi ozizira mu injini yotentha. Kutacha m'ladiyeta munkatuluka thovu, utsi unali woyera, oilo ali mbuu. Amisiri achikulire a ku Moatize, amene ankakonzera malume galimoto yomweyi, anamasula hedi ya injini n'kundionetsa mng'alu wopyapyala pakati pa mavavu.

"Mwana wanga, hedi iyi yatha," iwo anatero. "Ukamapita kokafuna ina, unyamule yakufayi. Ukaiike pambali pa imene akukugulitsayo, uyerekeze bowo ndi bowo."

Hedi ya 2L ndi yachitsulo cholemera kwabasi, ndipo ndinkadziwa kuti m'minibasi akandilipiritsa ngati katundu. Ndinaisiya kugalaji. Ndinaganiza kuti dzina la injini ndi lokwanira.

Kupeza masipeya a galimoto zakale kuno sikulinso ngati kale. Chiyambire 2011, pamene kampani ya Vale inayamba kukumba malasha ku Moatize, mgodi womwe unapita m'manja mwa Vulcan mu 2022, misewu yadzaza ndi Hilux zatsopano za injini yoyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo masitolo amaoda zimene galimoto zimenezo zimafuna. Ife a galimoto zakale timadalira malo ophwasulirako galimoto zakufa, omwe kuno timati sukata. Kumenekonso timapikisana ndi ogula zitsulo pa kilo, amene safunsa ngati chitsulocho chikanatha kuyendetsabe galimoto ya munthu.

Ndinawoloka mtsinje wa Revúbuè n'kuyendayenda m'masukata a kufupi ndi mzinda wa Tete. Pamalo pena mnyamata anafukula hedi pansi pa mulu wa magiyabokosi. "Ndi ya 2L imeneyi, bwana, yochoka mu Hilux." Sananame. Ndinalipira, ndinakweza pa njinga yamoto, ndikusangalala kuti mawa lake ndidzuka ndi galimoto.

Amisiri aja atangoiona anapukusa mutu. Anandifotokozera zimene sindinkazidziwa chiyambire kuyendetsa galimotoyi, zoti injini za 2L zilipo zamitundu iwiri. Zoyamba zili ndi timikono tomwe kamushafuti imakankha kuti titsegule mavavu. Cha mu 1988 a Toyota anaisintha injiniyo, timikono anatichotsa, kamushafuti n'kumakankha mavavu mwachindunji. Dzina linakhalabe lomwelo, koma hedi ndi zosiyana. Yanga inali yamtundu wachiwiri, ndipo imene ndinagula inali yamtundu woyamba. Nditabwerera nayo kusukata anandiuza kuti katundu akatuluka pageti sabwezedwa. Anandipatsa mtengo wa pa kilo basi.

Apa ndipo pamene nkhani inalowa m'nyumba. Mkazi wanga anali ndi mbuzi zake, zimene ankasungira sukulu ya mwana wathu woyamba. Ndinamupempha kuti tigulitse. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Abambo, gulitsani, koma ulendo uno mumvere amisiri." Ndinavomera.

Anzanga oyendetsa mathiraki anati ku Blantyre masipeya a Toyota zakale sasowa. Ndinasintha mametikali kukhala makwacha pa Zóbuè, ndinadinditsa pa Mwanza, n'kukwera minibasi. Ulendo uno hedi yakufa ija ndinali nayo m'thumba la feteleza. Pakati pa ogulitsa masipeya akale ndinapeza yofanana nayo ndendende. Mabowo a mabauti anagwirizana, njira za madzi zinagwirizana, kamushafuti inali yomweyo. Inali yotsukidwa bwino, yopakidwa penti, yonyezimira.

Amisiri anali atandilangiza kanthu kenanso, kuti hedi yakale isanalipiridwe izipita kaye kwa okonza injini kukayezedwa. Kumeneko amatseka njira zonse za madzi, amapoperamo mpweya, n'kuimiza m'madzi otentha. Ngati ili ndi mng'alu, ngakhale wosaoneka ndi maso, thovu limatuluka. Amaikanso chitsulo chowongoka pansi pake kuti aone ngati inapindika ndi moto. Koma kuyeza kunkafuna ndalama ina, ndiponso kugona ku Blantyre, pamene wogulitsa ankalumbira kuti hediyo yangochoka kumene pa galimoto yoyenda. Ndinawerenga makwacha amene anatsala, ndinakumbukira msonkho wa pachipata, ndipo ndinasankha kumukhulupirira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nditafika ku Moatize amisiri anandifunsa ngati ndayezetsa. Ndinayankha kuti inde. Pa zonse zimene ndinachita, bodza limeneli ndi limene limandiwawa mpaka lero, chifukwa bambo amene uja sanandilakwirepo kanthu. Anamanga hediyo ndi gasiketi yatsopano ndi lamba watsopano wa taimingi, ndipo injini inalira bwino.

Ndinakwera ku Zóbuè wopanda katundu, ndinatenga madengu a matimati a amayi amene ndimawanyamulira nthawi zonse, n'kuyamba kutsika. Cha ku Caphiridzange geji inakweranso. Ndinaima pompo, koma thovu linali litayamba kale m'ladiyeta. Mng'alu umene penti inabisa unatseguka injini itatentha. Galimoto yotikoka inapezeka dzuwa litapendeka, ndipo matimati anali atapsa m'madengu. Amayiwo sanandinyoze. Mmodzi anangofunsa kuti, "Nanga ngongole ya feteleza tikabweza ndi chiyani, achimwene?" Ndinasowa choyankha.

Ndinapita kwa amisiri n'kuwauza zoona. Sanakweze mawu. Anati vuto langa linayamba hedi yoyamba isanang'aluke, ndipo anandionetsa. Zipsepse za ladiyeta zinali zitatsekeka ndi fumbi la malasha ndi matope. M'kati munali dzimbiri la madzi a m'mitsinje amene ndinkathira. Chivindikiro chinali chitafooka, chosagwiranso mpweya, motero madzi ankawira msanga. Ngakhale ndikanapeza hedi yabwino, ikanafa imfa yomweyo.

Ulendo wachitatu anautsogolera ndi iwo. Kudzera mwa mnzawo anamva za Hilux imene inagubuduzika, thupi n'kuphwanyika koma injini ili bwino. Amisiri amati sipeya yodalirika imachokera ku galimoto ya ngozi, chifukwa inafa ikuyenda, pamene yongoimikidwa kuseri kwa nyumba inaimikidwa pa chifukwa. Hediyo tinaiyezetsa tisanapereke ngakhale metikali imodzi. Kenako anakopera nambala ya chesisi papepala n'kunditengera kusitolo ina yakale mumzinda wa Tete, kumene mwini wake anatsitsa pashelefu yapamwamba timabokosi tafumbi. Munali chivindikiro cha ladiyeta ndi themositati, zenizeni za Toyota, zosatsegulidwapo. Mtengo wa zonse ziwiri sunafike pa mbuzi imodzi.

Anzanga ambiri a pamsewu wa N7 akuyendetsa galimoto za msinkhu wa yangayi, ndipo tonse tidzafunabe kusukata, pakuti yatsopano sitingaikwanitse. Kusukata kulibe chitsimikizo cholembedwa. Chimene chimateteza wogula ndi sipeya yakufa ili m'manja, nambala ya chesisi, kuyezetsa asanalipire, ndi mawu a amisiri amene anamasula injini zimenezi zikanali zatsopano. Zonsezi ndinauzidwa ndalama zanga zikanali m'thumba.

Galimoto ikuyenda tsopano. Amayi a matimati ndikuwanyamulira ulere mpaka mtengo wa madengu awo utakwanira, ndipo pa ulendo uliwonse ndimapatula ndalama ya mbuzi, yomwe ndimapereka m'manja mwa mkazi wanga. Mwana wathu analowa sukulu mochedwa chaka chimenecho, ndipo nthawi imene anataya ija sindingathe kumubwezera.