Ngongole ya munthu wa mwezi watha

Pa golosale ina pa Nthalire ndinali ndi ngongole ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Mwini wake atanditsegulira kabuku ka angongole, m'thumba munali mbee! Ndiye ine, mphunzitsi wathunthu, ndinathawira kwa Buddha.

"Mayi," ndinatero, "Buddha anaphunzitsa kuti chilichonse chimabadwa n'kufa m'kuphethira kwa diso. Amene anatenga shuga mwezi watha uja anatha kalekale. Ine ndine wina."

Tsoka ilo, pakhonde pankaseweredwa bawo, ndipo mmodzi mwa osewerawo anali mkulu wina wopuma pantchito, amene anaphunzira za zipembedzo ku Chancellor College. Anafunsa maso ali pa bawo: "Aphunzitsi, mwaziwerenga m'buku liti?"

"M'malemba awo akale zedi," ndinayankha molimba mtima. Zoona zake, ndinangoziona pa foni.

Mkuluyo anaika nkhomo pansi. Anati maulaliki akale a m'chiyankhulo cha Pali, amene analembedwa ku Sri Lanka Yesu asanabadwe, amangoti zinthu sizikhalitsa. Zoti zimatha pa kamphindi kalikonse mulibemo. Ulaliki wina mu Samyutta Nikaya umanena kuti thupi limaoneka likukhala chaka, zaka ziwiri, ngakhale zaka 100, ndipo chimene chimasinthasintha usana ndi usiku ndi maganizo, ngati nyani wolumpha m'nthambi. Za kamphindizo zinakula pambuyo pake m'magulu a Sarvastivada ndi Sautrantika, n'kudzamveka kwambiri m'mabuku a Vasubandhu ndi Buddhaghosa, zaka mazanamazana Buddha atamwalira. Anatchulanso Alexander von Rospatt, amene analemba buku lathunthu pankhaniyi mu 1995. Ine thukuta lili kamukamu, anyamata a kabaza ayamba kuunjikana.

"Komanso," anawonjezera, "ngakhale okhulupirira za kamphindiwo sananenepo kuti zochita za munthu zimamusiya. Zimamulondola mpaka moyo wina."

Ndinkayesa zathera pomwepo. Koma mayi aja, amene anali chete nthawi yonseyi, anatuluka n'kugwira njinga yanga imene ndinaitsamiritsa pakhoma.

"Ŵasambizgi, njingayi ndimaidziwa. Ndi ya bambo anatenga shuga aja. Poti inu ndinu wina, isiyeni, akabwera adzaipeza."

Anailowetsa kuseri kwa matumba a nyemba. Ndinabwerera kunyumba wapansi, dzuwa likuswa mtengo. Mayi akunyumba atafunsa za njinga, ndinayamba ndi dzina la Vasubandhu. Sanandilole kumaliza.