Mmene mungaphere munda wa makolo ku Mtengowanthenga

Mwabwerera kumudzi, ntchito ku Lilongwe yavuta, ndipo amalume akulozerani gawo lanu la munda kuti muyambe kudzidyetsa nokha. Njira yolepherera ilipo. Ndi yodziwika kuyambira kuno ku Mtengowanthenga mpaka kumapiri a Ntchisi, ndipo ndiilemba yonse chifukwa zimandipweteka kuona anthu olimbikira akuitsata chaka ndi chaka.

Musafunse munthu. Agogo anu aakazi akudziwa pamene madzi amadikha m'mundamo, pamene kaufiti amamera, ndi pamene chiswe chimagwetsa chimanga. Asiyeni pakhonde, inu dalirani foni. Alangizi akaitanitsa anthu kumunda wachitsanzo, tsiku limenelo pitani kumsika wa Mponela.

Ogasiti akafika, yatsani mapesi onse. Anyamata osaka mbewa adzakuthandizani. Munda udzayera, koma zomwe zikanaola n'kusanduka chonde zapita ndi utsi. Msangu uli pakati pa mundawo muudule, muotche makala. Mtengo umenewu umayoyola masamba m'dzinja, choncho sutchinga dzuwa, ndipo chimanga cha pansi pake chimabiriwira kuposa chinzake. Ukagwa, wodzakhala pamthunzi wa msangu wina ndi mdzukulu wanu, ngati alipo adzaubzale.

Tsono mizere. Dowa ndi Ntchisi ndi dera la zitunda, ndiye wofuna kutaya nthaka aunge mizere yotsetsereka kulunjika kudambo, za akalozera ndi udzu wa vetiva asazilabadire. Mvula yamphamvu ya Januwale ikagwa, kaimeni kumunsi kwa munda muone nokha. Madzi ofiira akuthamanga pakati pa mizere, akukokolola dothi lapamwamba pamodzi ndi feteleza munathira dzana uja. Mizu ya chimanga yatsala poyera, mapesi apendekeka. Zikangopita zaka zochepa, pomwe panali kanjira ka madzi pamakhala chigwembe, ndipo khasu limayamba kulira pamiyala. Kutayika kumeneku n'komwe kumandiliza kuposa kwina konse, chifukwa chimanga chimabwerera chaka chamawa, koma dothi lopita kumtsinje lapita.

Manyowa musapange. Ndowe zizingouma m'khola. Anzanu akusakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono, n'kumanga m'thumba masiku 21 kuti apeze manyowa a Mbeya. Inu dikirani feteleza wotsika mtengo wa boma yekha. Dzina likapanda kutuluka, kapena matumba akafika chimanga chitachita kale chikasu, mulibe pogwira, ndipo wa m'sitolo simungamukwanitse, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Munda wonse mubzale mbewu imodzi. Ngati ndi fodya wa bale, mitengo yotsala idzathera ku zigafa, ndipo ndalama za kumsika wa fodya ku Kanengo zidzafika ngongole itadula zake. Ngati ndi chimanga chokha, chaka ndi chaka pamalo amodzimodzi, ntchemberezandonda ndi kaufiti zidzakondwa. Mtedza, soya, nyemba, mbatata ndi maungu muzione ngati mbewu za amayi okalamba. Mu Malichi 2024, ng'amba ya El Niño itapsereza minda, boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndipo amene analira kwambiri ndi omwe analibe china chokumba pansi.

Nkhuku musazipatse katemera. Wa chitopa, wotchedwa I-2, ndi dontho limodzi m'diso miyezi inayi iliyonse, koma inu mugule tambala wotchipa wogwa mapiko nthawi yotentha, mumuponye m'khola limodzi ndi zinzake. Sabata isanathe mudzakhala mukutola mitembo pabwalo.

Pokolola ndi pomwe njirayi imafika pachimake. Mavenda amakhala atakoloweka masikelo m'mbali mwa msewu wa M1 chimanga chisanaumitsitse. Gulitsani matumba onse musanawerenge pakamwa pa ana anu ndi miyezi yotsala. Chotsalacho muthire m'thumba chili chachinyezi, opanda mankhwala, opanda thumba la PICS. Pofika Okutobala mukatsegula mudzapeza anankafumbwe ali piringupiringu ndi fumbi lokhalokha pansi. Mtedza muuwaze madzi kuti usavute kuswa, chuku chilowe, ana adye chomwecho m'phala, pomwe chuku cha mtedza chimawononga chiwindi. Nkhwani ndi khwanya zikachuluka mu Malichi musafutse, zikwatu musamange. Dimba la kudambo mulisiyire ng'ombe za eni.

Febuluwale adzakupezani m'munda mwa wina mukupalira ganyu kuti mupeze ndowa ya chimanga, chomwe munagulitsa motchipa chija, tsopano pamtengo wothyola khosi. Kwanuko udzu wapitirira chimanga, ana akudya kamodzi patsiku, mbewu yomwe munasunga yalowa mumphika. Pamenepo tengani katapira. Mwini ndalama akayamba kugogoda, bwereketsani munda kwa munthu wa m'tauni zaka zingapo musanauze amalume ndi mbumba yonse. Iye adzafuna anthu olima, ndipo inu mudzakhala woyamba kulembedwa.